Chipembere: sukulu yosagula ufa koma yophunzitsa kufunsa

Ife a geni, mwana akatiuza kuti akufuna kukaphunzira filosofi, mbiri kapena ndale ku yunivesite ku Zomba, funso lathu limakhala limodzi basi: kodi zimenezo zidzagula ufa? Ine ndati lero tiliyankhe poona moyo wa malemu Henry Masauko Chipembere a ku Malindi, m'boma la Mangochi.

A Chipembere anabadwa pa 5 Ogasiti 1930. Bambo awo, a Habil Chipembere, anadzakhala wansembe wa mpingo wa Anglican. Atachoka pa Blantyre Secondary School anapita ku Goromonzi ku Southern Rhodesia, kenaka ku Fort Hare ku South Africa komwe anaphunzira mbiri ndi ndale. Awa ndi maphunziro apachibale ndi filosofi, chifukwa onse amafunsa zomwezo: mphamvu za wolamula zimachokera kuti, nanga zimalekeza pati?

Atabwerako analembedwa ntchito m'boma la atsamunda, ntchito yoti ena akanaikumbatira mpaka penshoni. Iwo anaisiya ndipo mu 1956 analowa m'nyumba ya malamulo ali ndi zaka 25 zokha, limodzi ndi a Kanyama Chiume. Anali m'gulu la anyamata amene anaumirira kuti Dr Kamuzu Banda abwerere kumudzi mu 1958. Chitaganya anachikana poyera, mpaka anakalowa ndende ya Gwelo mu 1959, nadzamangidwanso kuchokera 1961 mpaka 1963.

Tsono nkhani yagona apa. Dr Banda nawo anali ndi digiri yotchedwa Bachelor of Philosophy ya ku Chicago, ya 1931. Koma nduna zawo zitafunsa mu 1964 za tiki yolipira kuchipatala, za malipiro a ogwira ntchito m'boma ndi za chibwenzi ndi Apwitikizi, yankho linali kuchotsa ena ntchito. A Chipembere, amene anali nduna ya zamaphunziro, anali ku Canada pamene mkangano umayamba. Akanatha kukhala chete n'kusunga galimoto ya boma, koma atafika anatula pansi udindo n'kuima ndi anzawo. Ndiye mukuona, abale, pepala lokha silipanga munthu kukonda mafunso.

Sindikuti zonse anachita bwino ayi. Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 anatsogolera amuna pafupifupi 200 kukalanda boma la Fort Johnston, lomwe lero ndi Mangochi. Ulendo wa ku Zomba unathera pa Liwonde, pomwe anapeza pantoni ili tsidya lina la Shire. Amene analipira ngongoleyo ndi anthu wamba: midzi inasautsidwa, ndipo a m'mudzi wa Moto anadzatengedwa mudzi wonse kupita kundende. Funso labwino likagwira mfuti, olira amakhala ena.

Iwo anathawira ku America, anakaphunzitsako pa Kivukoni College ku Tanzania, kenaka ku Los Angeles komwe anamwalira ndi matenda a shuga pa 24 Seputembala 1975, ali ndi zaka 45. Kwa zaka zambiri dzina lawo linali losatchulika. Lero msewu waukulu wa mu Blantyre ndi wa dzina lawo.

Kodi sukulu yawo inagula ufa? Mwina wochepa. Koma wageni amene lero amafunsa khonsolo kumene ikupita ndalama ya chiphaso cha pamsika, osaopa kugona m'chitokosi, akudya za m'munda womwe anthu ngati a Chipembere anaswa mphanje. Mwana akasankha maphunziro oterewa musamuseke. Mufunseni chabe ngati ali ndi mtima wopirira mayankho ake.