Cajal: mnyamata wosamva amene anazindikira kapangidwe ka ubongo

Santiago Ramón y Cajal anabadwira m'mudzi wa Petilla de Aragón ku Spain pa 1 May 1852. Paubwana wake anali wosamva. Ali ndi zaka 11 anamutsekera m'chitolokosi ataphwasula geti la mnansi ndi mfuti yopanga yekha. Mtima wake unali pa zojambulajambula, koma bambo ake, omwe anali dokotala, sankafuna kumva zimenezo. Anamupereka kwa wometa, kenako kwa wosoka nsapato, kuti mwina angawongoke.

Pamapeto pake anaphunzira udokotala ku Zaragoza, nakagwira ntchito ya usilikali ku Cuba komwe anabwerako atatheratu ndi malungo.

Zinthu zinasintha mu 1887 pamene anaona njira yodetsera tizidutswa ta ubongo ndi mankhwala a siliva, yomwe anatulukira Camillo Golgi wa ku Italy. Masiku amenewo akatswiri ambiri, kuphatikizapo Golgi mwini, ankakhulupirira kuti minyewa ndi yolumikizana yonse ngati ukonde wa msodzi. Cajal anachenjera: ankayeza ubongo wa mbalame ndi wa tinyama tongobadwa kumene, momwe minyewa isanapiringizane, n'kumajambula pamanja zonse zomwe ankaona pa maikulosikopu. Luso lomwe bambo ake ankadana nalo lija ndilo linamuthandiza. Mu 1888 ananenetsa kuti selo iliyonse ya minyewa ndi yoima payokha, ndipo uthenga umachita kuwoloka kuchoka ku ina kupita ku inzake.

Vuto linali lakuti mpata wowolokawo sankatha kuuona, makina ake anali ochepa mphamvu. N'chifukwa chake mkangano unakula. Mu 1906 awiriwa anapatsidwa limodzi mphoto ya Nobel, koma Golgi, ataima pamaso pa anthu ku Stockholm, anatsutsa poyera maganizo a mnzakeyo. Sizinaoneke bwino.

Cajal anamwalira ku Madrid pa 17 October 1934 umboni weniweni usanapezeke. Unadza patapita zaka pafupifupi 20, cha m'ma 1954 ndi 1955, pomwe George Palade, Sanford Palay ndi Eduardo De Robertis anaunika pokumana minyewa, potchedwa synapse, ndi maikulosikopu yamphamvu yogwiritsa ntchito ma electron. Mpata uja unaoneka, wochepetsetsa moti mipata masauzande angapo ndiyo ingafanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Pambali pake panali timatumba tosunga mankhwala onyamula uthenga. Ena mwa mankhwala a khunyu ndi a matenda a maganizo amagwira ntchito pamalo pomwepa.