Florence Nightingale: Mtsogoleri amene anayamba ndi kukolopa

Azimai anzanga a Cigwirizano, caka ciri conse pa 12 May anamwino amakumbukira tsiku lao. Tsikuli ndilo limene anabadwa Mai Florence Nightingale. Ambiri a ife timangowadziwa monga mai wa nyali amene anali kuyendera odwala usiku. Koma moyo wao uli ndi phunziro kwa ife amene tapatsidwa udindo, kaya kusukulu, kucipatala, ku ofesi kapena mu komiti ya Cigwirizano. Mai amenewa anatumizidwa pa nchito pamene eni ace sanali kuwafuna, ndipo anayenera kupeza njira yakuti anthuwo awakhulupirire.

Anabadwa mu 1820 mu mzinda wa Florence ku Italy, makolo ao a ku England ali paulendo, ndipo anawacha dzina la mzindawo. Banja linali lolemera. Atate ao anawaphunzitsa kunyumba, ndipo mtsikanayo anakonda kwambiri masamu. Mu February 1837, asanakwanitse zaka 17, anamva kuti Mulungu akuwaitana kuti amtumikire. Atanena kuti afuna kusamalira odwala, amai ao ndi mkulu wao anakana kwamtuwagalu, pakuti masiku amenewo unamwino unali kuonedwa ngati nchito ya akazi osaphunzira ndi oledzera. Anadikira zaka zambiri, ndipo anakana ngakhale ukwati. Mu 1851 anakakhala miyezi ingapo ku Kaiserswerth ku Germany, kumene Abusa Theodor Fliedner anali kuphunzitsa atumiki acikazi a mpingo kusamalira odwala. Mu 1853 anaikidwa kuyang'anira kacipatala ka azimai pa Harley Street mu London.

Mu 1854 Britain ndi France analowa nkhondo yomenyana ndi Russia ku Crimea. Nyuzipepala ya The Times inaulula kuti asilikali obvulala anali kufa popanda cisamaliro. Nduna yoona za nkhondo, Sidney Herbert, inapempha Mai Nightingale kuti apite ndi anamwino. Kuciyambi kwa November 1854 anafika ndi azimai 38 ku Scutari, tsidya lina la mzinda umene lero ndi Istanbul. Cipatalaco cinali nyumba yaikulu yogonamo asilikali, yodzala ndi makoswe, nsabwe ndi fungo loipa.

Madokotala a asilikali sanakondwere. Kwa iwo, kubwera kwa azimai kunali ngati kuwauza kuti alephera nchito. Mai Nightingale anali ndi kalata ya nduna m'manja, ndipo akadafuna akadaigwiritsa nchito kuwakakamiza. Koma analamula anamwino ao kuti asalowe mu wodi kapena kukhudza wodwala kufikira dokotala atawapempha. Kwa masiku angapo azimai aja anakhala akusoka mapilo ndi kukonza nsalu zomangira mabala, uku akumva kubuula kwa odwala. Ena anawiringula, ndipo sitingawaimbe mlandu. Koma mtsogoleri wao anadziwa kuti madokotala ndiwo anali kuyankha ku boma za odwalawo, ndi kuti akalowa mwa mphamvu, khomo lidzatsekedwa kwa anamwino onse acikazi a m'tsogolo. Posapita nthawi, zombo zinayamba kufika ndi obvulala a pa nkhondo ya ku Inkerman. Odwala anadzaza ndi m'makonde momwe, ndipo madokotala anapempha okha thandizo.

Atalowa, anayamba ndi nchito zimene anthu ena anali kuzinyoza. Anagula maburashi kuti pansi pakolopedwe. Anacita lendi nyumba yocapiramo zobvala, nalemba nchito akazi a asilikali kuti azicapa ndi madzi otentha. Anakonza khichini yophikira cakudya cofewa ca odwala kwambiri. Anagula malaya, masupuni ndi sopo, ndi ndalama zimene anthu anasonkha kudzera mu The Times ndiponso zao zomwe, ndipo kali konse kanali kulembedwa m'buku. Madokotala anayamba kuona kuti cinthu cimene cinali kucedwa ku sitolo ya boma, kwa mai amenewa cinali kupezeka msanga. Pang'onopang'ono amene anali kuwakana anayamba kudalira iwo.

Asilikali nawonso anaona. Usiku, anamwino ena atagona, Mai Nightingale anali kuyenda ndi nyali pakati pa mabedi. Msilikali akamwalira, anali kulembera kalata amai ace kapena mkazi wace. Anathandizanso asilikali kutumiza malipiro ao kunyumba, pamene akuluakulu anali kunena kuti msilikali amangodziwa kumwera ndalama.

Tisaganize kuti analibe zofooka. Anali okhwimitsa malamulo, ndipo anabweza kwao anamwino ena. Gulu lina la anamwino litafika mu December 1854 iwo osafunsidwa, anakwiya kwambiri, ndipo panakhala kusamvana kwa nthawi yaitali. Dokotala wamkulu wa asilikali, John Hall, sanagwirizane nao kufikira nkhondo itatha. Kunali kosabvuta kwa iwo kukondedwa ndi odwala kusiyana ndi kukhala bwino ndi anzao a pa nchito.

Panalinso cinthu cowawa koposa. Ngakhale anagwira nchito usana ndi usiku, imfa sizinacepe. M'nyengo yozizira yoyambayo asilikali opitirira 4,000 anamwalira ku Scutari, ambiri ndi kamwazi, kolera ndi taifodi, osati mabala. Mu March 1855 boma linatumiza akatswiri a zaukhondo. Iwo anapeza kuti ngalande za zimbudzi pansi pa nyumbayo zinali zotsekeka, ndi kuti m'njira ya madzi akumwa munali kavalo wakufa. Atakonza zimenezi ndi kulowetsa mpweya m'mawodi, imfa zinatsika kucokera pa odwala pafupifupi 42 mwa 100 kufika pa 2 mwa 100. Mu May 1855 Mai Nightingale anadwala kwambiri, koma anakana kubwerera kwao. Anacoka mu July 1856, odwala otsiriza atapita.

Kwao anthu anali kuwatamanda, koma iwo anazemba cikondwerero nafika kunyumba mwakacetecete. Anakhala pansi ndi katswiri wa ziwerengero, William Farr, kupenda imfa za asilikali. Ziwerengerozo zinaonetsa kuti uve unapha anthu ambiri kuposa zipolopolo, ndi kuti cipatala cimene iwo anatumikiramo cinali mwa zoipitsitsa. Wina akadabisa kuti ateteze dzina lace. Iwo anajambula zithunzi za ziwerengero zakuti ali yense amve, ndipo atalankhula ndi Mfumukazi Victoria, bungwe lofufuza za umoyo wa asilikali linakhazikitsidwa mu 1857. Kucokera pamenepo nduna zinali kubwera kudzafunsa nzeru pafupi ndi bedi lao, pakuti zaka zambiri anakhala wodwala. Mu 1860 anatsegula sukulu ya anamwino pa cipatala ca St Thomas' mu London. Mu 1907 anakhala mzimai woyamba kulandira ulemu wa Order of Merit. Anamwalira pa 13 August 1910 ali ndi zaka 90, ndipo anaikidwa ku manda a banja lao ku East Wellow.

Amai anzanga, enafe tasankhidwa kukhala mahedi, masisita oyang'anira mawodi, asungicuma kapena apampando, ndipo tapeza anthu amene sanatifune. Kalata yotiika pa udindo singawakakamize kutikhulupirira. Adzayang'ana ngati tilemekeza amene tawapeza, ngati tigwira nao nchito yonyozeka, ngati buku la ndalama liri lotseguka, ndiponso ngati tibvomera pamene colakwa capezeka mu cigawo cathu. Pa msonkhano wanu wotsatira muwerenge pamodzi Luka 16:10, ndipo ali yense adzifunse za kanthu kakang'ono kamene wakhala akukazengereza pa nchito pace. Ambuye akudalitseni pamene mukutumikira.