Mbiri ya a Mukuka Nkoloso, mphunzitsi wa ku Zambia amene analozetsa roketi kumwezi

Omvera anzanga a m'makalabu a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba, kuno kwathu mwana akatola mawaya n'kupinda galimoto yake, matayala a zitsekerero za mabotolo, chiwongolero chachitali chofika m'chiuno, palibe amene amamuseka. Timangoti mwanayu ali ndi mutu. Koma munthu wamkulu, woti anapita kunkhondo n'kubwerako, atakhoma chombo chake n'kulengeza kuti akupita nacho kumwezi, mudzi wonse ungati bambowa mutu wawazungulira. Zimenezi ndi zomwe zinawachitikira a Edward Mukuka Nkoloso a ku Zambia m'chaka cha 1964. Anthu anawaseka mpaka kutsidya kwa nyanja. Ine nditatsata moyo wawo kuyambira pachiyambi, kuseka kuja kunandithera pakamwa, ndiye ndati tigawane nkhaniyi.

A Nkoloso anabadwa mu 1919 kumpoto kwa dziko lomwe masiku amenewo linkatchedwa Northern Rhodesia, pansi pa ulamuliro wa Angerezi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka, iwo analowa usilikali m'gulu la Northern Rhodesia Regiment, ndipo anafika pa udindo wa sajeni m'chigawo cha zotumiza mauthenga. Ife okonda wailesi tiime kaye pamenepa. Ntchito ya chigawo chimenechi inali ya mawaya, mabatire ndi makina olankhulirana patali. Ndiye kuti bambowa anagwira zipangizo zotere ndi manja awo pa nthawi imene m'midzi yathu yambiri wailesi inali isanamvekemo n'komwe.

Atabwerako kunkhondo anagwirako ntchito yomasulira zilankhulo m'boma la atsamunda. Analinso mphunzitsi, ndipo anatsegula sukulu yawoyawo, koma boma linaitseka. Munthu wakhetsa thukuta m'nkhondo ya mfumu ya ku England, pobwera kwawo akumuletsa kuphunzitsa ana a abale ake! Apa ndi pamene analowa m'gulu la omenyera ufulu. Anamangidwa mu 1956, anamangidwanso mu 1957. Chipani cha UNIP cha a Kenneth Kaunda chitakhazikika, a Nkoloso anapatsidwa ntchito yoona za chitetezo m'chipanimo. Zaka zimenezo sizinali zamasewera ayi. Mu 1961 kumpoto kwa dzikolo kunali chipwirikiti chotchedwa Cha Cha Cha, anthu akutseka misewu ndi kugwetsa milatho pokana ulamuliro wa azungu.

M'kati mwa zonsezi, mu 1960, a Nkoloso anayambitsa bungwe lawo la dzina lalitali, Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy, loona za sayansi, kafukufuku wa zamlengalenga ndi nzeru zakuya. Taonani dzinalo: anali atalembamo kale Zambia dziko lisanalandire ufulu.

Kuti timvetse chimene chinawalowa m'mutu, tikumbukire mmene dziko linalili. Pa 4 Okutobala 1957 dziko la Soviet Union linaponya Sputnik, kachipangizo koyamba kuzungulira dziko lapansi. Pa 12 Epulo 1961 Yuri Gagarin anakhala munthu woyamba kukwera mlengalenga, ndipo mu 1963 mayi woyamba, Valentina Tereshkova, anakwerako naye. A ku America anali atalumbira kuti afika kumwezi zaka za m'ma 1960 zisanathe. Mawailesi ndi manyuzipepala zinkangokamba za mpikisano wa njovu ziwirizi. A Nkoloso anati ayi, Zambia nayo ili momwemo, ndipo idzawapitirira onse awiri.

Anapeza famu ina yosiyidwa, pamtunda wa makilomita 11 kuchokera mu Lusaka, n'kusonkhanitsapo achinyamata okwana 12. Anawapatsa dzina lakuti ma Afronaut, kutanthauza oyenda mlengalenga a ku Africa. Pakati pawo panali mtsikana mmodzi wosakwana zaka 20, yemwe anasankhidwa kudzapita ku Mars limodzi ndi amphaka awiri ndi mmishonale.

Maphunziro ake ndiye anali oti ukamva ugwire pakamwa. Wophunzira ankalowa mu mgolo wamafuta wa malita 200, anzake n'kumukunkhuniza kuchokera pamwamba pa chitunda mpaka kumunsi, kuti azolowere kuzunguzika kwa m'chombo. Ena ankakwera katungwe wa chingwe chachitali, ndipo a Nkoloso ankafotokoza kuti munthu akafika pamwamba penipeni iwo amadula chingwecho, kuti amve kwa kanthawi mmene thupi limapepukira kopanda mphamvu yokokera pansi. Ankawaphunzitsanso kuyenda ndi manja, miyendo m'mwamba, ati ndiko kayendedwe koyenera pamwezi. Eni akewo ankayang'anira atavala chipewa chachitsulo cha usilikali ndi mkanjo kumsana.

Musafulumire kuseka za katungweyo. Munthu amene akugwa, pa kamphindi kameneko samva kulemera kwa thupi lake, ndipo zimenezi n'zoona ndithu m'sayansi. A ku America ndi a ku Russia nawo ankaphunzitsa anthu awo motero, kungoti iwo ankagwiritsa ntchito ndege imene imakwera kwambiri kenako n'kutsika mwadzidzidzi, anthu a m'katimo n'kuyandama kwa masekondi ochepa. Nzeru yake ndi imodzi. Kusiyana kunali m'thumba.

Roketi yawo anaitcha D-Kalu 1. Inali yooneka ngati mgolo waukulu, mamita 3 m'litali ndi mamita 2 m'mimba mwake, yopangidwa ndi aluminiyamu ndi kopa. Tsiku loiponya anasankha 24 Okutobala 1964, tsiku la ufulu wa Zambia, pabwalo la Independence Stadium mu Lusaka. Okonza mwambowo anakana. Ndipo kunena zoona anachita bwino, chifukwa pabwalo lodzaza anthu sipoyesera chinthu cha moto.

Kodi chikanauluka? Ayi abale, apa tisanamizane. Kuti chombo chizungulire dziko osagwa chimayenera kuthamanga pafupifupi makilomita 8 pa sekondi imodzi. Msewu wa Mandimba mpaka Cuamba, wa makilomita ngati 150 uja, chingaudutse masekondi 20 asanakwane. Mwezi uli pamtunda wa makilomita 384,000, ndiko kuti ulendo wa ku Cuamba kuuyenda koposa ka 2,500. Roketi ya Saturn V imene inanyamula anthu a Apollo 11 mu Julayi 1969 inali yotalika mamita 110, ndipo kulemera kwake kwakukulu anali mafuta okhaokha. Mgolo wa mamita 3 sukanafika ngakhale pamwamba pa mitambo.

A Nkoloso ankadziwa kuti pakufunika ndalama. Analembera bungwe la UNESCO kupempha mapaundi 7,000,000. Ndalamazo sizinabwere. Boma latsopano la Zambia nalo linanena poyera kuti ntchitoyo si yake. Atolankhani akunja anabwera ndi makamera, a ITN ya ku London anajambula achinyamata akukunkhunizana mu mgolo, magazini ya Time inalembanso, ndipo ambiri mwa owerenga a kumeneko anangopezapo choseketsa. Posakhalitsa gulu linabalalika. Mtsikana uja anaima ndipo makolo ake anamutenga, anyamata ena anangochoka. A Nkoloso ankadandaula kuti ophunzira awo maganizo awo anali pa zibwenzi osati pa mwezi.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene oseka aja sanachiyang'ane bwino. M'nkhani imene a Nkoloso analemba okha m'nyuzipepala, ananena kuti akhala akuyang'ana Mars pa makina oonera kutali ndipo apeza kuti kumakhala anthu osatukuka. Anawonjezera kuti mmishonale wawo amulangiza kuti asakakamize anthu a kumeneko kulowa Chikhristu ngati sakufuna. Tamvani bwino pamenepo. Munthu wakuda amene anakulira pansi pa atsamunda, womangidwa kawiri ndi atsamunda omwewo, akulankhula za kupita kudziko la eni, atatenga mmishonale, kukapeza anthu oti iye akuwatcha osatukuka. Kodi si mmene azungu ankalankhulira za agogo athu? Ife a m'mbali mwa nyanja ino, kumene amishoni anafika kale ku Likoma ndi ku Messumba, mawu oterewa sitingawaphonye. Mlembi wa ku Zambia, Namwali Serpell, analemba za iwo m'magazini ya The New Yorker mu 2017 ndipo anafunsa funso lomweli, ngati bambowa sanali kuwanyogodola azunguwo mwakabisira, iwo n'kumaseka osadziwa kuti nthabwalayo ikunena iwo omwe.

Kwa ine, zonse ziwiri zinalimo. Sindikhulupirira kuti munthu angataye zaka zingapo, kusonkhanitsa ana a eni ndi kulemba makalata opempha ndalama, chifukwa cha nthabwala yokha. Zakumwambazi ankazikonda ndithu. Komanso sindikhulupirira kuti sajeni wa zamauthenga, womasulira zilankhulo, sankadziwa kuti mgolo sungafike ku Mars. Gule wamkulu amaseketsa uku akulangiza, ndipo wovinayo sakuuza kuti apa ndikuseka, apa ndikunena zoona.

Kumayiko a anzathu chilakolako chonga chimenechi chinapezerapo njira yake. Sputnik itangokwera, achinyamata ambiri ku America anayamba kusakaniza okha mankhwala ophulika kuti aulutse timaroketi, ndipo ena anavulala koopsa. Anthu awiri, Orville Carlisle wogulitsa nsapato ndi G. Harry Stine katswiri wa maroketi, anakonza njira yabwino: kathupi ka pepala lolimba ndi mtengo wopepuka, kainjini kogula kopangidwa kale kufakitale, ndi kaparachuti kotsitsa chombocho pang'onopang'ono kuti udzaulutsenso. Mu 1957 anayambitsa bungwe lomwe linadzatchedwa National Association of Rocketry, ndipo mpaka pano anthu akuluakulu amapumulirapo pa ntchito imeneyi kumapeto kwa sabata, monga mmene ena amachitira ndi bawo. A Nkoloso analibe sitolo yogulako tiinjini totere.

Koma mfundo imene imakweza roketi siifuna sitolo. Isaac Newton anailemba mu 1687: ukakankha chinthu mbali iyi, nacho chimakukankha mbali inayo ndi mphamvu yofanana. Wopalasa bwato pa Nyanja ya Amaramba amakankhira madzi kumbuyo, bwato n'kupita kutsogolo. Roketi imalavulira utsi pansi, iyo n'kukwera. Aphunzitsi amene muli m'makalabu athu mukhoza kuwaonetsa ana zimenezi popanda moto. Tengani botolo lapulasitiki la chakumwa cha gasi la malita 2, thiranimo madzi osafika theka, tsekani ndi chotsekera cha mphira chothina bwino chomwe mwabowola n'kulowetsamo valavu ya chubu chakale cha njinga. Matani zipsepse zitatu za katoni kuti lisapotoke pouluka. Liimikeni chozondoka, kukamwa pansi, pabwalo la mpira, ana onse ataima patali, ndipo popani ndi pampu ya njinga. Mpweya ukapanikizika chotsekera chimafwamphuka, madzi amathamangira pansi, botolo n'kukwera kuposa mtengo wa mango. Wopopayo amanyowa basi. Chokhacho, nkhope isakhale pamwamba pa botolo, ndipo botolo lagalasi ayi. Za kufukula machesi kapena onga kuti mupakire mu paipi, zimenezo musayerekeze, zala zimaduka.

Tibwerere kwa a Nkoloso, chifukwa moyo wawo sunathere pa mgolo, ndipo gawo lotsalali likutikhudza ife a ku Mozambique. Mwezi umodzi Zambia isanalandire ufulu, pa 25 Sepitembala 1964, Frelimo inali itayamba nkhondo yolimbana ndi Apwitikizi, ndipo Niassa yathu ino inali imodzi mwa zigawo zoyamba kumva mfuti. A Kaunda analola magulu omenyera ufulu a mayiko oyandikana nawo kukhala ndi maofesi mu Lusaka, pamalo otchedwa Liberation Centre. Panali a ANC a ku South Africa, a SWAPO a ku Namibia, a MPLA a ku Angola, a ZAPU ndi ZANU a ku Zimbabwe, ndi a Frelimo. Munthu amene a Kaunda anamuika kukhala nthumwi yawo pamalopo anali a Nkoloso omwewa. Ganizirani, pamalo pomwe akazitape a Apwitikizi, a Ian Smith ndi a boma la tsankho la South Africa ankapaloza maso usana ndi usiku. Pulezidenti saika munthu wozungulira mutu pa ntchito yotere. Ndipo pamene Frelimo inatsegulanso nkhondo m'chigawo cha Tete mu 1968, njira yake inadzera ku Zambia komweko.

Anayesapo kupikisana pa umeya wa Lusaka koma sanapambane. Anatsogolera bungwe la asilikali akale ku Ndola, ndipo anapatsidwa udindo waulemu wa kenolo. Chimene chimandigwira mtima kwambiri ine n'chakuti atakalamba anabwerera pa benchi ya sukulu, ndipo mu 1983, ali ndi zaka za m'ma 60, analandira digiri ya zamalamulo pa University of Zambia. Boma la Soviet Union, lomwe ankati adzalipitirira popita kumwezi lija, linawapatsa mendulo yokumbukira zaka 40 chithereni nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Patapita zaka zambiri dzina lawo linadzukanso. Mu 2012 wojambula zithunzi wa ku Spain, Cristina de Middel, anatulutsa buku la zithunzi lotchedwa The Afronauts. Mu 2014 Frances Bodomo wa ku Ghana anapanga filimu yaifupi pa nkhani yomweyi, ndipo mu 2019 Namwali Serpell uja anawaika a Nkoloso m'buku lake la The Old Drift. Eni ake zonsezi sanazione. Anamwalira pa 4 Malichi 1989, ali ndi zaka pafupifupi 70, ndipo boma la a Kaunda linawaika m'manda ndi ulemu wa boma.