WILLIAM HOPPE MURRAY, 1866–1947: WOMASULIRA MAU A MULUNGU

Mwa atumiki a Mulungu amene anadza kudziko lino m'masiku oyamba, ndi owerengeka amene nchito yao timaigwira ndi manja tsiku ndi tsiku monga tigwira ya William Hoppe Murray. Nyumba zambiri zimene anamanga amisyoni oyambawo zinagwa kale, ndi njira zimene analambula zinamera chire. Koma Buku Lopatulika likali pa gome la mlaliki, m'thumba la mai wa Cigwirizano, ndi pa mphasa ya wodwala.

Murray anabadwa m'caka ca 1866 ku Cape Colony, m'banja la abusa. Agogo ace, Andrew Murray, anacokera ku Scotland mu 1822, nakhala mbusa wa Dutch Reformed Church ku Graaff-Reinet. Ana ao amuna ambiri analowa ubusa womwewo, ndi mmodzi wa iwo ndiye Andrew Murray wa ku Wellington, amene mabuku ace a pemphero anamveka m'maiko ambiri. Andrew Charles Murray, amene anamanga hema pa Mvera pamodzi ndi T. C. B. Vlok pa 28 November 1889, m'dziko la mfumu Ciwere, anali mdzukulu wa nkhalamba yomweyo. Atate a anyamata awiriwa anali a mimba imodzi. Cifukwa cace pa mwambo wathu sitikadawayesa asuweni, koma munthu ndi mbale wace. William anatsata mbale waceyo mu 1894. Anapeza dziko losakhazikika: Acewa ambiri anali m'malinga ndi m'mapiri poopa nkhondo ya Angoni, ndipo njira ya akapolo yonka ku Kota Kota inali isanaiwalike.

Tisanapitirire ndi mbiri yace tiyenera kunena cimene cinamkakamiza, pakuti popanda ico nchito yace idzaoneka ngati khama la munthu wokonda mabuku cabe. Mpingo umene unamtuma ubvomereza kuti Mulungu ndi mmodzi, Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Kuti Iye sanakhale cete, koma anadziulula mwa aneneri ndi atumwi, ndi koposa zonse mwa Mwana wace. Kuti munthu ali yense analengedwa m'cifanizo ca Mulungu, koma anagwa m'uchimo, kotero kuti sakhoza kudzipulumutsa yekha, ngakhale ndi nsembe, ngakhale ndi makhalidwe okoma. Ndi kuti cipulumutso ndico mphatso yolandiridwa mwa cikhulupiriro ca mwa Yesu Kristu. Tsono ngati ziri tero, Mcewa wa m'linga ndi Mngoni wa cikopa ali pa mlandu umodzi ndi Mzungu wa ku Cape, ndipo Woweruza wao ndi mmodzi. Koma munthu wa pa mlandu ayenera kumva yekha mau a woweruza, m'cinenero cimene anayamwa. Kungouzidwa ndi wina kuti bwalo latero sikumkwanira. Apa ndipo panacokera sukulu za m'midzi, ndi apanso panacokera nchito yomasulira.

Nchitoyi sanaiyambe ndiye. Dr. Robert Laws anali atamasulira kale Cipangano Catsopano mu 1886. David Clement Scott wa ku Blantyre anamasulira m'Cimang'anja, nasindikiza buku lace lalikuru la mau mu 1892. Ndipo ku Likoma W. P. Johnson anali kulemba m'Cinyanja ca kunyanja. Cobvuta cinali cakuti misyoni ili yonse inali ndi manenedwe ace ndi malembedwe ace. Mnyamata wophunzira ku Mvera akapita kukagwira nchito ku Blantyre, anapeza Uthenga womwewo utabvala cobvala cina. Cifukwa cace mu 1900 amisyoni anasonkhana ku Fort Johnston, kumene lero tikuti Mangochi, napangana kuti pakhale Buku limodzi la onse, ndipo Alexander Hetherwick anakhala wapampando wa bungwelo. A ku Likoma anapitiriza lao, nalitsiriza mu 1912. Mtolo waukuru wa Buku logwirizanalo, makamaka Cipangano Cakale, unagwera Murray.

Sanali munthu wa nchito imodzi ai. Pobwerera kwao A. C. Murray, utsogoleri wa Misyoni yonse unaikidwa pa iye. Ndipo malo anali kucuruka, Kongwe, Nkhoma, Mlanda, Mphunzi, Malingunde, ali onse ndi sukulu zace, aphunzitsi ace ndi milandu yace. Isanayambe nkhondo ya 1914 likulu la Misyoni linasamuka ku Mvera kunka ku Nkhoma. Cinkana zinali tero, kumasulira sikunaleke, ndipo gawo lalikuru linacitikira pa phiri la Kaso, pafupi ndi Mvera. Kumeneko sanali yekha. Maina a Jonathan Sande, Ismael Mwale ndi Wilibes Cikuse sachulidwa kawirikawiri monga ayenera, ndipo ife tiyesa kuti kumeneko nkulakwa. Pakuti Murray anadziwa cimene Cihebri ndi Cihelene zinena, koma amunawa ndiwo anadziwa cimene nkhalamba ya pa mudzi idzamva mauwo akawerengedwa. Popanda iwo Bukulo likadakhala la Azungu lolembedwa ndi zilembo za Cinyanja.

Inu alaliki ndi aphunzitsi a kalasi, amene muphunzitsa mau awa sabata ndi sabata, talingalirani kumene anacokera. Pochula Mlengi omasulira sanabwereke dzina la kunja, koma anatenga lakuti Mulungu, limene makolo analidziwa kale. Potero anabvomereza kuti Iye amene Malembo anena za Iye si mlendo wofika ndi sitima, koma Yemweyo amene makolo anampempha mvula, cinkana sanamdziwe monga Atate wa Yesu Kristu. Kacisi kanali kanyumba ka udzu kumene anathirako ufa ndi mowa m'caka ca cilala. Dzina lomwelo linaikidwa pa nyumba yaikuru ya Solomo ku Yerusalemu. Nsembe inali ya pa tsinde la mtengo. Mau omwewo anasenza imfa ya Mwanawankhosa wa Mulungu. Ngakhale mau akuti mzimu, amene anali kunena za akufa oyenera kupepesedwa, anapatulidwa kuti achule Mzimu Woyera. Panali ngozi pamenepa, ndipo sitiibisa: womva akhoza kuthira tanthauzo lakale m'mau atsopano, nayesa Mzimu Woyera ngati mmodzi wa mizimu ya kumanda, kapena nayesa kuti Mulungu agulidwa ndi copereka. Koma njira yina inali yoipa koposa, ndiyo kudzaza Buku ndi mau acilendo amene sakhudza mtima wa munthu ali yense. Nchito yotsuka mauwo ndi kuwadzaza ndi tanthauzo la Malembo inatsalira mphunzitsi wa kalasi, ndipo ikali yace.

Mau akuti kuombola sanasowe womasulira. M'midzi ya nthawi ija munali anthu amene anagwidwa pa nkhondo kapena kuperekedwa pa mlandu, abale ao nadza ndi cuma kudzawaombola. Wogwidwayo sanalipe kanthu. Analibe kanthu kolipa. Dipo linacokera kwa mbale. Pamene anthu otere anamva kuti Kristu ndiye Momboli, anadziwa msanga cimene akatswiri a zaumulungu acifotokoza ndi mabuku ambiri. Mau akuti cisomo anabvuta koposa. Pakuti pa mudzi munthu wa cisomo ndiye amene anthu angomkonda, ngati kuti ali nako kanthu kokoka mitima. M'Malembo mauwo atembenuka: cisomo siciri mwa wolandira, ciri mwa Wopatsa, amene akonda wosayenera kukondedwa. Mlaliki amene salongosola kusiyana kumeneku adzapeza Akristu ace ali kuyesa cisomo ngati mwai.

Cipangano Catsopano cinayamba kuturuka. Cakale cinatenga zaka zambiri. Nkhondo yaikuru inacedwetsa nchito, nitenganso mmodzi wa othandiza, Robert Napier wa ku Blantyre, mnyamata wodziwa zinenero, amene anaphedwa mu 1918 m'dziko la Apwitikizi. Buku lonse linasindikizidwa mu 1922, ndi caka cotsatira linafika m'manja mwa Akristu. Kuyambira tsiku la pangano lija zinali zitapita zaka zoposa makumi awiri.

Buku limodzi linakonza njira ya Mpingo umodzi. Mu 1924 Blantyre ndi Livingstonia anaphatikana kukhala Church of Central Africa Presbyterian, ndipo mu 1926 Nkhoma inalowa, Murray ali mtsogoleri wa Misyoni. Caka ca 1925 Nkhoma inayamba kudzoza abusa a m'dziko muno, oyamba ao ndiwo Andreya Namkumba ndi Namoni Katengeza. Ena adzati zaka makumi atatu ndi zisanu ndi cimodzi zinali zocedwa, ndipo sitikana. Amisyoni a nthawi ija, ndi Murray yemwe, anali ocenjera mopitirira popereka ulamuliro. Koma munthu amene wapereka Malembo m'manja mwa anthu wapereka kale muyeso umene iwo adzamuyesa nao iye mwini.

Bukulo liri nazo zofoka zace. M'malo ena, makamaka m'makalata a Paulo ndi m'aneneri, mau atsata mayendedwe a Cihelene ndi Cihebri kotero kuti wowerenga apunthwa, ndipo pali mau ena amene ana a lero sawadziwa. Pambuyo pace panadza mabuku ena: Malembo Oyera a Akatolika mu 1966, ndi Buku Loyera mu 1998, limene pa dzina lija Murray analemba Yehova linaika dzina lakale la makolo, Cauta. Koma manenedwe a pemphero m'mipingo yambiri ya Malawi, ya kum'mawa kwa Zambia, ya ku Angonia, ndi ya abale athu a ku Harare, anaumbidwa ndi Buku Lopatulika. Ndipo nkhalamba ikamapemphera osayang'ana m'buku, mau ace ambiri ndi a pa Kaso.

Mu 1936 Bukulo linaturukanso litakonzedwa malembedwe ace. Caka cotsatira Murray anapumula, atatumikira zaka 43, nabwerera ku South Africa, kumene anamwalira mu 1947. Sukulu ya pa Nkhoma imene inaphunzitsa aphunzitsi ambiri a m'midzi inachedwa dzina lace.