Alexander Vandegrift ndi Bwalo la Ndege la ku Guadalcanal

Ku Amereka kuli gulu la asilikari amene ayenda m'zombo, koma nkhondo yao amenyera pamtunda. Dzina lao ndi Marines. Mmodzi wa akulu ao omveka anali Alexander Vandegrift, amene anabadwa caka ca 1887 ku Charlottesville, m'dera la Virginia. Analowa usilikari mu 1909, natumidwa ku Nicaragua, Mexico, Haiti ndi China. Anali munthu wofatsa, wosakonda kukweza mau.

Mbiri yace inabuka pa Nkhondo Yaikulu Yaciwiri. Kutali m'nyanja ya Pacific kuli cisumbu ca Guadalcanal, ca nkhalango zowirira ndi mvula yambiri. Kumeneko Ajapani, mtundu womwe uja asilikari a ku Northern Rhodesia anamenyana nao ku Burma, analikukonza bwalo la ndege. Akadalitsiriza, ndege zao zikadatseka njira ya zombo zopita ku Australia.

Pa 7 August 1942 Vandegrift anatsika pacisumbupo ndi anthu ngati 11,000, ndipo m'mawa mwace analanda bwalolo. Koma usiku womwewo Ajapani anamiza zombo zinai zazikulu za nkhondo. Kutaca, zombo za katundu zinathawa zisanatsitse zakudya zonse ndi zida. Vandegrift ndi anthu ace anatsala okha.

Apa ndipo panaoneka nzeru zace. Sanamwaze asilikari m'nkhalango kukasaka adani, iai. Anawaika mozinga bwalo, monga anthu acinga munda ndi mpanda, pakuti anadziwa kuti mwini bwalo ndiye mwini cisumbu. Anadya kawiri kokha pa tsiku, nthawi zambiri mpunga wofumbwa umene Ajapani anausiya pothawa. Bwalolo analitsiriza ndi zipangizo za adani omwewo, ndipo pa 20 August magulu oyamba a ndege za nkhondo anatera.

Adani anabwera usiku ndi usiku. Mwezi wa September anakwera citunda ca kumwera kwa bwalo, pafupi ndi hema wa Vandegrift, koma anabwezedwa atafa ambiri. Mu October zombo zao zinaombera bwalo ndi mizinga yaikulu, ndege zambiri nizionongeka. Panalinso mdani wina wamng'ono amene ana onse amdziwa, ndiye udzudzu. Malungo anagwetsa asilikari ambiri koposa zipolopolo. Pamene ena anadza kudzawalandira mu December, ambiri anali ataonda kotero kuti analephera kukwera okha m'zombo. Koma bwalo linali likali m'manja mwao.

Cifukwa ca nchito imeneyi President Roosevelt anamveka mendulo yoposa zonse ya dziko lace. Mu 1944 anakhala mkulu wa gulu lonse la Marines. Nkhondo itatha, ena anafuna kucepetsa gululo ndi kupatsa nchito yace kwa asilikari a pamtunda. Mu 1946 Vandegrift anaima pamaso pa aphungu a dziko nalinenera kolimba, ndipo gululo silinathe. Anamwalira pa 8 May 1973, ali ndi zaka 86.