Dotolo Robert Laws: Manda Asanu ndi Wobatizidwa Mmodzi

Mphunzitsi wa ku Vubwi, kapena wa ku Sinda ndi Katete, akalowa m'sukulu mwace m'mawa napeza ana atakhala kale pa mipando yao, sakumbukira kawirikawiri kuti panali nthawi imene m'dziko lonse la pakati pa nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Luangwa munalibe sukulu ndi imodzi yomwe. Mmodzi wa anthu amene anayamba nchitoyi ndiye Dotolo Robert Laws wa ku Livingstonia. Iye sanamange mudzi wace m'Zambia, koma misyoni zambiri za m'cigawo ca kum'mawa zinalowera pa khomo limene iye anatsegula.

Akristu akhulupirira zinthu ziwiri zimene kwa ena zioneka ngati zotsutsana. Coyamba ncakuti diso la Mulungu silicoka pa munthu, angakhale munthuyo ali yekha m'thengo. Caciwiri ncakuti Mulungu yemweyo alola kuti munthu wace ayesedwe, monga anacitira ndi Abrahamu ndi Yobu. Ana a m'Kalasi afunsa kawirikawiri kuti ngati Mulungu adziwa kale zonse za mumtima, ayeseranji munthu? Mai woumba mbiya adziwa bwino dothi limene anakumba, komabe mbiya ikatuluka pamoto aigogoda ndi cala kuti imveke kulira kwace, ndipo pamenepo onse a pamudzi adziwa ngati idzasunga madzi. Moyo wa Laws unagogodedwa cotero zaka 52.

Iye anabadwa pa 28 May 1851 mu mzinda wa Aberdeen ku Scotland. Atate wace anali mmisiri wa matabwa, ndipo amace anamwalira iye akali wamng'ono. Popeza panyumba panalibe cuma, mnyamatayo anaphunzira umisiri wa atate wace, nagwira nchito usana ndi kuwerenga usiku, kufikira analowa m'sukulu yaikuru ya Aberdeen, kumene anaphunziranso za mankhwala. Za ubusa anaphunzira ku Edinburgh. Akali mwana anawerenga za maulendo a David Livingstone, napempha Mulungu kuti amtume kwa Amakololo. Akuru amati walira mvula walira matope. Pempherolo linayankhidwa, ndipo matope ace anadza nalo pamodzi.

Asanacoke kwao anatumikira ku Glasgow m'zipatala za odwala nthomba ndi nthenda zina zopatsana, kumene anthu ambiri anaopa kulowa. M'caka ca 1875 Eklesia wace anambwereketsa kwa Free Church of Scotland, amene anali kutumiza anthu kukayamba misyoni yokumbukira Livingstone. Ulendowo unatsogozedwa ndi E. D. Young. Anatenga sitima yaing'ono, dzina lace Ilala, ili zidutswa-zidutswa. Anailumikiza pa mathiriro a Zambezi, nakwera nayo mtsinje wa Shire, ndipo pofika pa mathithi anaimasulanso. Amuna mazana ambiri, amene anaperekedwa ndi mafumu a Amakololo omwe aja a m'pemphero la mwana, anasenza zitsulozo pamutu m'njira ya miyala ndi dzuwa loocha. Pa 12 October 1875 Ilala inalowa m'nyanja, ndipo anthuwo anamanga misasa yao ku Cape Maclear, m'dziko la mfumu Mponda.

Malowo anali okongola ndi doko labwino, koma anali malo a malungo. Masiku amenewo panalibe munthu, ngakhale dotolo, wodziwa kuti malungo adza ndi udzudzu. Cimeneci cinadziwika m'caka ca 1897 ndi kufufuza kwa Ronald Ross. Anthu anangomwa kwinini ndi kuganiza kuti nthenda icokera ku mpweya woipa wa m'madambo. M'caka ca 1877 anamwalira Dotolo William Black, amene anayembekezeka kukhala mkuru wa misyoni, ndipo posacedwa anamtsata Shadrach Mngunana, mphunzitsi wa mtundu wa Axhosa wocokera ku Lovedale. Pamene Dotolo James Stewart anabwerera ku South Africa caka comweco, katundu yense anagwera Laws, mnyamata wa zaka 26. Iye anali mbusa, dotolo, mphunzitsi, mmisiri ndi woweruza mirandu, ndipo iye mwini anagwidwa ndi malungo kawirikawiri. Ku Scotland kunali kutali, kalata inatha miyezi panjira, ndipo panalibe mkuru woti nkubwera kudzaona ngati sukulu yatsegulidwa kapena odwala amwa mankhwala. Aphunzitsi a sukulu za m'malire, kumene woyendera sukulu afika kamodzi pa caka mseu ukauma, adziwa kulemera kwa nchito yotere: munthu angathe kugona mpaka dzuwa litakwera, nalemba m'kaundula kuti anaphunzitsa, ndipo palibe wa pansi pano amene adzamfunsa. Laws anagwira nchito monga munthu amene Mwini nchito ali ciimire pambali pace.

Pofika caka ca 1881 kumanda a ku Cape Maclear kunali mitumbira isanu ya anchito a misyoni, ndalama zambiri zinali zitatha, ndipo wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe, amene anabatizidwa pa 27 March caka cimeneco. Munthu wowerengera phindu akadati munda umenewu ngwosabala. Ciyeso ca pamenepa sicinali imfa yokha ai, koma kugwira nchito zaka zisanu osaona cipatso, ndi kulembera akuru a kwao makalata opanda nkhani yokondweretsa. Laws sanaumirire pa malo oipawo monga ngati kuuma mutu ndiko cikhulupiriro. Anasamutsa misyoni kupita ku Bandawe pakati pa Atonga, nasiya sukulu ya ku Cape Maclear m'manja mwa Namalambe. Wobatizidwa mmodziyo anasunga nchitoyo zaka zambiri popanda Mzungu womyang'anira, ndipo nayenso anayesedwa ndi ciyeso comwe cija ca kukhala yekha.

M'caka ca 1879 Laws anakwatira Margaret Gray ku Blantyre. Za m'nyumba mwao zinenedwa mwacidule, pakuti nzowawa: anabala ana asanu ndi atatu, ndipo anakula ndi mmodzi yekha, Amelia Nyasa, wobadwa m'caka ca 1886. Dotolo amene anaciritsa ana a anthu ena sanathe kupulumutsa ace. Anthu a m'midzi, amene amati imfa yobwereza-bwereza m'nyumba imodzi ili ndi mwini wace, anaona banja limeneli likuika ana ao popanda kuombeza kapena kuloza munthu cala. Margaret anaphunzitsa atsikana ndi amai kuwerenga ndi kusoka, napirira pamodzi ndi mwamuna wace zaka zoposa 40.

Ku Bandawe malungo sanaleke, ndipo panaonjezeka mantha a nkhondo, popeza Angoni a M'mbelwa anali kutsika m'mapiri kudzathira nkhondo Atonga. Atonga anafuna kuti misyoni iwathandize ndi mfuti, Angoni anafuna kuti misyoni isamukire kwao, ndipo Laws anakhala pakati monga munthu wogwira ng'ombe ziwiri zolimbana. Amene anamthandiza koposa ndiye William Koyi, Mxhosa wina wa ku Lovedale, wodziwa cinenero ca Angoni, amene anakakhala pakati pao ku Njuyu kufikira imfa yace m'caka ca 1886. M'zaka zomwezo za mabvuto Laws anali kutembenuza Cipangano Catsopano m'Cinyanja, ndipo cinasindikizidwa m'caka ca 1886. Cinyanja cace sicinali cosalala, ndipo pambuyo pace ena anacita bwino koposa pamene Buku Lopatulika lathunthu linatuluka m'caka ca 1922, koma woyamba kulambula njira saweruzidwa monga wodzera pa mseu wolimidwa kale.

Apa ndi pamene mbiri yace ikhudza dziko la Chipata. M'caka ca 1888 anafika ku Bandawe mbusa A. C. Murray wa Dutch Reformed Church, ndipo Laws anamlandira namthandiza kufuna malo. Murray ndi T. C. B. Vlok anayamba misyoni ya Mvera m'caka ca 1889. Kucokera ku Mvera nchito inaoloka kulowa m'dziko la Mpezeni itatha nkhondo ya 1898, ndipo pa 5 July 1899 P. J. Smit ndi J. M. Hofmeyr anayamba Magwero. Pambuyo pace panadza Madzimoyo m'caka ca 1903, Nyanje m'caka ca 1905 ndi Nsadzu m'caka ca 1908, iliyonse ndi sukulu zace za m'midzi. Amene anaima pa manda asanu aja m'caka ca 1881 sakadatha kuona zimenezi ngakhale m'maloto.

M'caka ca 1894 Laws anakwera phiri la Khondowe, nayamba sukulu yaikuru ya Overtoun Institution, yophunzitsa aphunzitsi, alaliki, amisiri, alembi ndi othandiza m'cipatala. Anakumba mseu wokhota-khota kucokera kunyanja, nabweretsa madzi m'mipope, ndipo pofika caka ca 1905 pa phiripo panayaka magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi. Ophunzira a kumeneko anabalalika kufikira ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia, Tanganyika ndi South Africa.

Koma pali mbali yina ya mbiriyi imene siyenera kubisidwa. Munthu amene anayesedwa kwambiri anasanduka woyesa anzace, ndipo muyeso wace unali wautali. Pa misyoni ya Livingstonia munthu wofuna ubatizo anadikira zaka, poyamba m'gulu la akumva, pambuyo pace m'Kalasi, ndipo wofuna ubusa anadikira koposa. Charles Domingo, amene anadza ali mwana kucokera ku Quelimane, nakulira m'nyumba ya Laws, nakhala mphunzitsi wanzeru, anatsiriza maphunziro a ubusa, naloledwa kulalikira m'caka ca 1903, koma sanadzozedwe. M'caka ca 1908 anacoka ndi mtima wowawa. M'zaka za 1908 ndi 1909 Elliot Kamwana, amenenso anaphunzirapo pa sukulu za misyoniyo, anabatiza anthu zikwi zambiri m'dziko la Atonga, ndipo ambiri a iwo anali otopa ndi kudikira. Abusa oyamba a mtundu wa m'dzikomo a ku Livingstonia, Yesaya Zerenje Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa m'caka ca 1914, patapita zaka 39 cifikire ca Ilala. Mlanduwu suli pa Laws yekha, pakuti zinthu zotere zinapangidwa m'bwalo la amisyoni onse, koma iye ndiye anali mkuru. Iwo anaopa kumanga Eklesia pa anthu osakhwima, ndipo mantha amenewo anali ndi cifukwa cace. Komabe pali kusiyana pakati pa kuyesa kwa Mulungu ndi kwa munthu. Mulungu aona mtima, nadziwa polekezera. Munthu aona kunja kokha, ndipo akagogoda mbiya kosaleka angathe kuiswa ili yabwino. Mphunzitsi amene abweza mwana m'kalasi limodzi zaka zitatu, kapena akana kupatsa wothandiza wace nchito ya udindo, ali pa ngozi yomweyo.

Ulemu unadza m'zaka za ukalamba. M'caka ca 1908 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa msonkhano waukuru wa United Free Church ku Scotland, anakhalanso m'bwalo lopanga malamulo la Nyasaland, ndipo pamene Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana kupanga Church of Central Africa Presbyterian m'caka ca 1924, iye ndiye anali mtsogoleri woyamba wa Sinodi. Mkazi wace anali atamwalira kale m'caka ca 1921. Ciyeso cotsiriza cinacokera kwa abale ace enieni. Laws anafuna kuti sukulu ya pa Khondowe ikule kufikira ikhale yunivesite ya anthu akuda, koma akuru a ku Scotland ndi amisyoni ena anaona kuti ndalama palibe, ndiponso kuti maphunziro oyenera Afrika ndiwo a m'midzi, a zaulimi ndi zamanja. Maganizo ace anakanidwa iye ali nkhalamba ya zaka zoposa 70. Yunivesite ya Livingstonia inatsegulidwa m'caka ca 2003.

Iye anacoka ku Nyasaland m'caka ca 1927, nabwerera kwao. Anamwalira ku London pa 6 August 1934 ali ndi zaka 83, ndipo anaikidwa ku Aberdeen kumene anabadwira.