Malemu Paul Ngozi: gitala ya ku Chibolya ikali kulira

Papita zaka zoposa 35 cimwalirire a Paul Ngozi, koma dzina lao likali kumveka. Ambiri mwa ife amene tinabvina nyimbo zao m'maholo a mu Lusaka ndi ku Migodi tsopano tili ndi imvi, ena tinabwerera kumudzi kukagwira khasu. Codabwitsa ndi cakuti adzukulu athu, amene sanagwirepo lekodi yakuda ija, ndiwo akufunafuna nyimbo zomwezo pa mafoni ao. Tiyeni tikumbutsane za munthu ameneyu, ndiponso tione cimene caletsa nyimbo zao kukalamba.

Dzina lao lenileni linali Paul Dobson Nyirongo. Anabadwa mu 1949, dziko lino likali kuchedwa Northern Rhodesia, ndipo anakulira mu komboni ya Chibolya mu Lusaka. Pamene tinalandira ufulu mu 1964 iwo anali mnyamata wa zaka 15. Masiku amenewo acinyamata a m'tauni anali atatengeka ndi nyimbo za kunja zochedwa rock. Magulu a ku Britain monga The Beatles ndi The Rolling Stones, ndiponso katswiri wa gitala wa ku America Jimi Hendrix, anali kumveka pa wailesi ndi m'nyumba za amene anali ndi galamafoni.

Anyamata athu anayamba ndi kutsanzira. M'mahotela ndi m'makalabu anali kuimba nyimbo za azungu monga mmene anazimvera, mabvalidwe ndi tsitsi lomwe kutengera komweko. A Emmanuel Chanda a gulu la WITCH anapatsidwa dzina lakuti Jagari cifukwa cobvina ngati Mick Jagger wa The Rolling Stones. Kumaiko a azungu kutsanzira kumeneku ndi nchito yodyetsa mabanja mpaka lero. Gulu la The Bootleg Beatles linayamba mu 1980 ndipo la The Australian Pink Floyd Show mu 1988, onsewa akuimba nyimbo za eni ake akale, makolo ndi ana nadzaza maholo kukamvera. Palibe coipa pamenepo. Mwana amaphunzira kulima poyang'ana khasu la atate ake. Koma a Ngozi akadathera pa kutsanzira, sitikadawakumbuka lero.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 iwo analiza gitala mu gulu la Musi-O-Tunya, limene linali ndi a Rikki Ililonga ndipo linakhalako ku Kenya. Atacoka m'gululo anayambitsa lao la Ngozi Family, a Chrissy Zebby Tembo ali pa ng'oma. Dzina lakuti Ngozi linawayenera. Gitala yao inali kulira mwaukali ndi mokhakhala ngati cigayo cikamapera cimanga couma, ndipo pa siteji anali kufika poiliza ndi mano monga anali kucitira Hendrix. Akuluakulu ena anali kupukusa mitu, kunena kuti ili ndi phokoso cabe la ana osalangika.

Nthawi inawakomera. Pakati pa zaka za m'ma 1970 a President Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zomveka pa wailesi zikhale za muno m'Zambia. Ku Ndola kunali kampani ya Teal yopanga malekodi, ndiponso Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo imene inathandiza oimba ambiri kutulutsa nyimbo zao. Mwadzidzidzi panafunika nyimbo zathu zambirimbiri, ndipo mtundu wa nyimbo umene ticha Zamrock unakula. Mu 1976 Ngozi Family inatulutsa lekodi ya Day of Judgement, ndipo pasanapite nthawi yaitali panatsatira The Ghetto ndi 45,000 Volts.

Apa ndiye pagona nkhani. A Ngozi anabwereka kaliridwe ka gitala kwa alendo, koma zoimba anazitola pa khomo pathu. Anaimba m'Cingerezi, m'Cinyanja ndi m'Cibemba, ndipo Cinyanja cao cinali cija ca m'misika ndi m'mabasi a mu Lusaka, cosabvala jekete. Lekodi ya The Ghetto inakamba za moyo wa mu komboni umene iwo anakuliramo: umphawi, mowa, ana osowa owasamala, ndi munthu wotaya mtima. Maina a nyimbo zao okha amatiuza zimene zinali kuwadya mumtima: Ulesi Tileke, Tikondane, Kumanda Kwa Bambo Wanga, Jesus Christ. Amene anali kuti ndi phokoso cabe akadachera khutu, akadamva malangizo omwewo amene iwo eni anali kupereka pa mphala ndi ku miphakati. Cosiyana cinali cakuti a Ngozi anawanena mokuwa, kuti ndi wa ku shabini yemwe amve.

Zabwino sizikhalitsa. Mtengo wa kopa unagwa mu 1975, ndalama m'matumba mwa anthu zinayamba kucepa, ndipo lekodi inasanduka cinthu cogula olemera okha. Asilikali a Ian Smith atayamba kuponya mabomba m'dziko lino mu 1978, kunabwera malamulo oletsa kuyenda usiku ndi kuzimitsa magetsi, oimba nasowa kumene angaimbire. Pambuyo pake kunadza disiko, imene sinafune gulu la anthu asanu koma munthu mmodzi woliza malekodi. Kalindula nayo inatenga malo pa wailesi, ndipo makaseti ojambula mwakuba anadya phindu la oimba. Magulu ambiri a Zamrock anapasuka. A Ngozi sanataye gitala. Anapitiriza kuimba ndi kutulutsa nyimbo m'zaka za m'ma 1980, ndipo ambiri tikumbukira Bauze.

Anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 cabe. Zaka zimenezo ndi zotsatira zake zinali za maliro okhaokha. Matenda a Edzi anakolola oimba ambiri a m'badwo umenewo monga mmene anakololera aphunzitsi, anamwino ndi alimi m'midzi yathu. Mzinda wa Lusaka unacha mseu wina ku Kabwata dzina la Paul Ngozi, koma malekodi ao anatha m'masitolo. Amene anatsala m'nyumba zathu anapindika ndi dzuwa, ena ana anaseweretsa, ena tinataya posamuka.

Akale anati mau a akulu akoma akagonera. Ca m'ma 2010 kampani ya ku Los Angeles yochedwa Now-Again Records inayamba kufunafuna nyimbo za Zamrock ndi kuzitulutsanso, kuphatikizapo za Ngozi Family. Mu 2019 kunatuluka filimu yonena za WITCH, ndipo a Jagari Chanda, amene anali atafika pokumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze cakudya, anabwerera pa siteji pamodzi ndi a Patrick Mwondela. Amene amawalizira zoimbira tsopano ambiri ndi a misinkhu ya ana ao, ena ocokera ku Ulaya, amene anaphunzira nyimbo za ku Kitwe pomvera malekodi monga mmene anyamata athu anaphunzirira za ku London. Mu 2022 mwana wathu Sampa the Great anatulutsa nyimbo ya Never Forget yolemekeza oimba a Zamrock.

Ndipo mu October 2024 woimba wochuka wa ku America, Tyler, the Creator, amene anabadwa a Ngozi atamwalira kale, anatenga cigawo ca nyimbo yao ya Nizakupanga Ngozi naciika mu nyimbo yake ya Noid. Lekodi yake ya Chromakopia, mmene muli nyimboyo, inafika pa nambala 1 ku America. Nyimbo ya a Ngozi ndi cenjezo kwa munthu wamijedo amene amalowa m'nyumba za anzake kukatola nkhani, ndipo mnyamata wa ku California anaimva kuti ikunena za bvuto lake lomwe. Motero mau a Cinyanja ca ku Chibolya analowa m'makutu mwa acinyamata a maiko ambiri amene sadziwa kumene Zambia ili.

Tiyenera kukondwera, komanso tidzifunse. Zinatengera alendo kuti adzatole cuma cimene ife tinasiya pa dzala. Mlimi aliyense adziwa kuti ukadya mbeu yonse ya makolo, caka camawa udzaigula kwa wina pa mtengo wake. Lamulo lathu la 1994 loteteza nchito za olemba ndi oimba limati umwini wa nyimbo umakhalapo zaka 50 mwini atamwalira, ndipo bungwe la ZAMCOPS liripo kuti litolere ndalama za oimba ndi mabanja ao. Akazi amasiye ndi ana a oimba akale, amene ena tikhala nao m'midzi ndi m'maparishi mwathu, ayenera kudziwa zimenezi ndi kukafunsa za gawo lao. Amene muli ndi malekodi akale m'sutukesi, asungeni pamthunzi ndi pouma, ndipo musafulumire kugulitsa kwa wodutsa ndi njira musanafunse mtengo wake weniweni.

Kwa anyamata ndi atsikana amene muliza gitala mu kwaya, pa maukwati ndi pa mashowo a zaulimi, tikuti phunzirani kwa aliyense, wakuno kapena wakunja. Pambuyo pake citani monga anacitira a Paul Ngozi: imbani za feteleza wocedwa, za mlamu wolanda katundu wa amasiye, za mvula ndi za ngongole, m'cilankhulo cimene munayamwa. Mzimu wa a Nyirongo uuse mumtendere.